Maphunzilo a Nchito za Manja m'Ndende za Zambia

M'caka ca 2016, bungwe loyang'anila ndende m'dziko muno linasintha dzina kucoka ku Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service. Colinga cake cinali cakuti ndende isakhale malo a cilango cabe, koma aziongolelako khalidwe la mkaidi ndi kumukonzekeletsa kubwelela kwao.

M'ndende monga Mukobeko ku Kabwe ndi Kamfinsa ku Kitwe, akaidi amaphunzila ukalipentala, kumanga nyumba, kusoka zovala, kuwochelela zitsulo ndi ulimi. Ena amalemba mayeso a bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 1998, ndipo akapambana amalandila setifiketi yovomelezeka ndi boma.

Komabe, setifiketi payokha siimupezela munthu nchito. Olemba nchito ambili amafuna kalata yocokela ku polisi yosonyeza kuti munthu sanapezekepo ndi mlandu, ndipo womasulidwa amalephelela pamenepo. Cifukwa ca ici, njila imene imatsala ndiyo kudzilemba yekha nchito pamsika kapena m'komboni.

Nayonso njilayi imafuna zipangizo ndi mpamba. Telala wopanda makina osokela, kapena kalipentala wopanda sowo ndi matabwa, amangokhala manja lende ngakhale ali ndi luso. Akasowa copezela cakudya, ena amabwelela ku milandu.

Mabungwe monga PRISCCA amathandiza omasulidwa kuyambanso moyo. Koma phindu la maphunzilowa limaoneka pamene abale, mipingo ndi anansi amulandila munthuyo ndi kumupatsa nchito yoyamba.