Khanda kumsana, wina kumwendo: mbiri ya kulera m'Malawi

Sabata ino ndati tikumbe mbiri ya chinthu chimene timachiona tsiku ndi tsiku koma sitichiyesa mbiri: nyumba imene muli khanda la masabata ochepa komanso mwana wa zaka ziwiri amene wangosiya kumene kuyamwa. Alendo akabwera ndi sopo ndi matewera, maso onse amakhala pa khandalo. Koma makolo athu ankadziwa kuti m'nyumba yotere, amene ali pangozi nthawi zambiri ndi wamkuluyo, uja akulira atagwira chitenje cha mayi ake. Anali ndi malamulo omutetezera, ndipo malamulowo asintha kwambiri m'zaka 100 zapitazi.

Tiyambe ndi mawu. Mayi akaima mwana wake akadali kubere, akuluakulu amati watumbiza. Mwana uja akayamba kunyentchera, tsitsi kufiira, miyendo ndi masaya kutupa, ankati ndi utumbidwa. Si ife tokha amene tinazindikira zimenezi. Ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, dokotala wa ana Cicely Williams analemba za matenda omwewa m'chaka cha 1933, ndipo mu 1935 anawatchula ndi dzina limene anamva kwa anthu a mtundu wa Ga: kwashiorkor, kutanthauza matenda amene mwana amadwala mng'ono wake akabadwa. Dzina limene madokotala padziko lonse amaphunzira lero linachokera kwa amayi a kumudzi amene ankaona zomwe agogo athu ankaona.

Ndiye makolo ankatani kuti zisafike pamenepo? Mwana akabadwa, mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Masiku amenewo sagwira khasu kapena munsi, amayi anzake ndi amene amamuphikira ndi kumutungira madzi. Akatuluka m'chikuta, iye ndi bambo wa mwanayo ankayenera kudikira miyezi ingapo asanayambirenso za m'banja, mpaka anamkungwi atawalangiza n'kuchita mwambo wotenga mwana. Amene waphwanya lamulo ankaopsezedwa ndi tsempho kapena mdulo: mwana atupa, ndipo mudzi wonse udziwa kuti wina sanadzigwire. Kuonjezera apo, mwana ankayamwa zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo kuyamwitsa pafupipafupi kumachedwetsa mayi kuyambiranso kusamba. Mantha ndi bere zikaphatikizana, ana ankatalikirana.

Chachiwiri chinali manja. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, kumene mwamuna amakakhala chikamwini, mayi wobereka ankakhala pakati pa mayi ake, azichemwali ake ndi azakhali a mbumba imodzi. Khanda likabadwa, wamkulu uja amasamukira kwa agogo, amadya mbale imodzi ndi asuweni ake, amagona kukuka. Panalinso mlezi, kamtsikana ka zaka 7 kapena 10 kamene kamabereka mwana tsiku lonse mayi ali kumunda. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza m'buku lake la 1959 lotchedwa Children of Their Fathers kuti kumeneko agogo a kuchimuna ndi amayi akuluakulu ndi amene ankagamula tsiku loletsa mwana kuyamwa. Ankapaka tsabola kubere, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo amakhala m'manja mwawo ndi mwa alezi. Mayi sankasenza yekha ana awiri.

Tisanamizane kuti kale zonse zinali bwino. Ana ankamwalira ambiri, ndi chikuku, malungo ndi kutsekula m'mimba. Mwana akatupa, anthu ankathamangira kufufuza amene wachimwa, pamene vuto linali phala lamadzimadzi lopanda nsinjiro, ndipo chala nthawi zambiri chinkaloza mayi. Komanso mayi akangozindikira kuti waima, mwana ankachotsedwa kubere tsiku lomwelo poti mkaka waipa. Achipatala lero amati mayi woyembekezera amene ali bwinobwino akhoza kupitiriza kuyamwitsa, ndipo kumuchotsa mwana mwadzidzidzi ndi kumene kumamugwetsa. Mwambo unaona ngozi molondola, koma chifukwa chake unachiphonya.

Nthawi ya atsamunda inayamba kugwedeza dongosololi. Msonkho wa nyumba unatulutsa amuna ambiri kukasaka ndalama ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, kudzera ku Wenela kapena paokha. Ena ankabwera patatha zaka ziwiri, ena anasanduka matchona. Kuchoka kwa abambo kunkatalikitsa mimba, inde, koma kunasiyira amayi munda wonse, nkhuni, madzi ndi ana. Maulendo a Wenela anaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi. Pa zaka zomwezo matchalitchi ndi sukulu zinkachepetsa mphamvu za anamkungwi, ndipo m'tauni, m'nyumba ya chipinda chimodzi, lamulo lodikira miyezi yambiri linalibe wolilondera.

Mwambo ukufooka chomwecho, njira za kuchipatala zinali zotsekedwa. M'zaka za m'ma 1960 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linaletsa ntchito za kulera, poti dziko linkafuna anthu ambiri olima. Amayi a nthawi imeneyo, amene ambiri ndi agogo athu ndi mayi athu, anakhala pakati: chakale chikutha, chatsopano kulibe. Mpaka mu 1982 ndi pamene boma linalola pulogalamu yotalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Taonani kuti sanaitchule kuti yochepetsa ana. Anailola chifukwa inkafanana ndi zomwe makolo ankachita kale, kuteteza thanzi la mayi ndi la mwana amene ali kubere. Ngakhale mawu oti kulera amatanthauza zonse ziwiri, kusamalira mwana ndi kupewa mimba ina. Kwa Mmalawi, munthu amalera kuti amene wabadwa kale akule.

Kuchokera apo zinthu zinayenda msanga. Banja La Mtsogolo linayamba mu 1987, ndipo mu 1994 dziko linakhala ndi ndondomeko yake ya chiwerengero cha anthu. Alangizi a zaumoyo anayamba kufika m'midzi, jakisoni wa miyezi itatu n'kukhala njira imene amayi ambiri amasankha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 1992 anapeza kuti mwa amayi apabanja 100 aliwonse, 7 okha ndi amene ankagwiritsa ntchito njira zamakono za kulera. Pofika 2015-16 anali 58. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake, pamene mu 2015-16 anali 4.4. Chiwerengero chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: mu 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Pofika 2015-16 anali 63. Katemera, masikito, sikelo ndi mankhwala oteteza mwana ku HIV zinathandiza, ndipo kutalikitsa mimba kuli m'gulu lomwelo. Bungwe la WHO limalangiza kudikira miyezi 24 mwana akabadwa, mayi asanatenge mimba ina. Agogo akanamva akanati, si zomwe tinkanena zija?

Komatu chipatala chinalowa m'malo mwa mbali imodzi yokha ya mwambo uja. Chinatenga ntchito ya tsempho, ya manja chinaisiya. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa sukulu ya pulayimale yaulere, ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ambiri mwa atsikana amene analowa m'kalasi chaka chimenecho akanakhala alezi. Palibe wanzeru amene angafune kuti abwerere kukabereka ana a eni, sukulu ndi malo awo. Koma msana umene unkabereka mwana wamkulu uja unachoka pakhomo, ndipo palibe anafunsa kuti alowe m'malo ndani. Agogo nawo atsala kumudzi, ife tili pa lendi ku Ndirande, ku Mchesi kapena ku Chibavi. Agogo ena ali kale ndi zidzukulu zamasiye zimene Edzi inawasiyira.

Malamulo anayesako. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata 8 akabereka, kamodzi pa zaka 3, akulandira malipiro ake onse. Koma amayi ambiri m'dziko muno sanalembedwe ntchito ndi munthu. Ife a mumsika tchuthi chathu chimatha tsiku limene tomato wayamba kuola ndipo mpamba ukulowa m'poto. N'chifukwa chake mumaona mayi pa benchi, khanda kumsana, wina akusewera pansi pafupi ndi ngalande, atagwira chigumu chimene ndicho chakudya chake cha masana. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya mmera mpoyamba mu 2003, ndipo sukulu za mkombaphala zilipo m'midzi yambiri, koma ambiri osamalira anawo ndi ongodzipereka, ndipo phala limadalira zomwe mudzi wasonkha. Kafukufuku yemwe uja wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali okwinimbira. Utumbidwa wotupitsa miyendo wachepa, koma njala ya mwana wosiya bere ikadalipo.

Choncho funso la makolo lija likadali pomwepo: khanda likabwera, wamkuluyo ndi wa ndani? Yankho lina lili m'nyumba momwemo. Kale bambo ankauzidwa kuti ntchito yake ndi kudzigwira basi, zina zonse n'za amayi. Lero mlezi ali kusukulu, agogo ali kutali, ndiye abambo a m'gulu lino, kumusambitsa wa zaka ziwiriyo, kumudyetsa phala la nsinjiro m'mbale yakeyake ndi kupita naye kusikelo kwatsalira inu. Yankho lina lili kwa ife oyandikana nyumba ndi a m'mabanki m'khonde. Timasonkherana pa maliro ndi pa ukwati, tingalephere bwanji kusinthana masiku omuphikira mnzathu amene ali m'chikuta? Nawo makhonsolo amene amatolera ndalama za tikiti tsiku lililonse akhoza kupatula kachipinda kamodzi koyera pamsika koti ana azikhalamo.

Inu a ku Karonga, a ku Mzimba, a ku Mangochi ndi a ku Nsanje, kwanuko mwana wotumbizidwa mumamutchula bwanji, ndipo khanda likabadwa ankamutenga ndani? Afunseni agogo akadali moyo, mutiuze sabata yamawa.