Za Kusankha Filimu ya Zithunzi za Malonda

Ambiri a ife tiyesa kuti kamera ipenya monga lipenya diso la munthu. Si tero ai. Copenya m'kameramo ndi filimu, ndiyo lamba woonekera wopakidwa timcere ta siliva, tosanganiza ndi phala lomata lophikidwa ku mafupa ndi zikopa za ng'ombe. Ndipo lamba ali yense ali ndi mapenyedwe ace.

Lamba wotere anayamba kumgulitsa George Eastman wa ku Rochester, m'dziko la America, caka ca 1889. Filimu zoyambazo zinali zakhungu pa cofiira, kotero kuti milomo yofiira inkaturuka yakuda bii. M'caka ca 1925 Samuel Sheppard, wanchito wa Kodak, anapeza cozizwitsa: phala la ng'ombe zakudya mpiru wa kuthengo lipatsa filimu maso akuthwa, cifukwa ca sulfure wa m'mpirumo. Mbusa wa ng'ombe asadzipeputse!

Pa 1 July 1941 wailesi ya kanema ya ku New York inaonetsa malonda oyamba olipiridwa, a mawochi a Bulova. Ku Britain anayamba pa 22 September 1955 ndi mankhwala otsukira mano a Gibbs SR. Kuyambira pamenepo wojambula malonda anayenera kusankha filimu mosamala, pakuti mwini katundu salola kuti cinthu cace cioneke conyansa.

Bvuto lace nali. Timcere tating'ono tibala cithunzi cosalala ngati ufa woyera wosefa, koma tifuna kuunika kwambiri. Timcere tokulirapo tipenya ngakhale m'cisisira, koma cithunzi cace cikhala cokhakhala ngati mgaiwa. Wogulitsa sopo akonda yosalala, nalipira nyali zambiri. Wojambula galimoto pa mseu usiku alibe kucitira mwina. Ndiponso pali filimu ya dzuwa ndi filimu ya nyali, ndipo ukazisinthanitsa nsaru yoyera ituruka yobiriwira kapena yacikasu. Manambala a Kodak anena zomwezi: 50D ndi ya usana, 500T ndi ya nyali, ndipo iyi ikhuta ndi limodzi la magawo khumi la kuunika kumene ifuna inzaceyo.

Koma cimene citikhudza ife ndi ici. Filimu za mitundu za Kodak, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anaziyesera pa khungu loyera, ndipo nkhope ya munthu wakuda inkaturuka yosazindikirika bwino. Lorna Roth, mphunzitsi wa ku Canada, analemba m'caka ca 2009 kuti amene anadandaula namveka ndiwo opanga cokoleti ndi mipando ya matabwa, popeza katundu wao wakuda sanali kuoneka bwino m'zithunzi za malonda. Ine ndiyesa kuti n'camanyazi kuti mpando unamveka msanga koposa munthu.

Masiku ano malonda ambiri ajambulidwa ndi makamera opanda filimu. Fujifilm ya ku Japan inaleka kupanga filimu yojambulira kanema m'caka ca 2013. Kodak ikali kuipanga ku Rochester komweko.