Kufufuza Mzere wa Makolo a Ayuda

Kufufuza mzere wa makolo a Ayuda ndi ntchito yolondola mayina, kwawo ndi ubale wa mabanja achiyuda pogwiritsa ntchito zolembedwa zakale, miyala ya pamanda ndi zimene akuluakulu amakumbukira.

Vuto lalikulu lagona pa mayina. Ayuda ambiri a pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya, otchedwa Ashkenazi, analibe dzina la banja lokhazikika. Munthu ankadziwika ndi dzina lake ndi la bambo ake, olumikizidwa ndi mawu akuti ben kwa mwamuna kapena bat kwa mkazi. Maboma ndiwo anawalamula kutenga mayina a banja: Austria mu 1787, Russia mu 1804, France mu 1808 ndi Prussia mu 1812. N'chifukwa chake mizere yambiri imaduka munthu akafika zaka zimenezi. Dzina limodzi linkalembedwanso mosiyanasiyana m'Chiheberi, m'Chiyidishi, m'Chipolishi ndi m'Chirasha, choncho ofufuza amadalira njira ya Daitch-Mokotoff ya mu 1985, yosanja mayina potengera katchulidwe.

Mwala wa pamanda, matzevah, kawirikawiri umatchula bambo a womwalirayo ndi tsiku la imfa pa kalendala yachiyuda, motero umaulula m'badwo wina wam'mbuyo.

Mabuku ambiri a masunagoge anawonongeka pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Yad Vashem ku Jerusalem, yokhazikitsidwa mu 1953, imasunga mayina a ophedwa ndi a Nazi, ndipo JewishGen, yomwe inayamba mu 1987, imasonkhanitsa zolembedwa pa intaneti.

Onaninso: Ashkenazi, Sephardi, mabuku a Yizkor, Arolsen Archives.