Bwinja

Bwinja ndi malo amene anthu ankakhalapo kale n'kusamukapo. Zikachuluka timati mabwinja. Pabwinja pamatsala mafuwa, zipupa zogumuka za nyumba ndi mtengo wa mango wopanda mwini. Koma mlimi amadziwa kuti pamenepa m'pachonde, nsatsi ndi bonongwe zimangomera zokha.

Mawuwa satha ntchito tikalowa m'tauni. Ku Tripoli, m'dziko la Lebanon, kuli bwalo la zionetsero zamalonda limene Oscar Niemeyer, katswiri wojambula mapulani wa ku Brazil, anajambula mu 1962. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1975 ntchito inaima, nyumba zakonkire zokhotakhota zija n'kusanduka bwinja zisanathe n'komwe. Ena angatsutse kuti pamene sipanakhalepo anthu si pabwinja. Ine ndikuti ndi bwinja ndithu, poti amisiri anasiya zida n'kuchokapo.

Nyumba ya alendo ya pamalopo anaikonzanso kuti akalipentala a mumzindamo azigwiriramo ntchito ndi kuonetseramo luso lawo, ndipo mu 2022 inapata mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika bwalo lonselo pamndandanda wa malo ofunika amene ali pachiopsezo.