Mapemphero m'sukulu za boma ku America: zomwe malamulo akunena

Mkangano wa mapemphero m'sukulu za boma m'dziko la United States watha zaka zoposa 60. Gwero lake ndi funso limodzi: kodi munthu akupemphera mwakufuna kwake, kapena boma ndilo likumupempheretsa?

Ndime yomwe inawonjezedwa m'malamulo oyendetsera dzikolo mu 1791 imaletsa boma kukhazikitsa chipembedzo, komanso kutsekereza nzika kupembedza. Mu 1802 mtsogoleri wa dzikolo, Thomas Jefferson, polembera kalata a mpingo wa Baptist ku Danbury, anayerekeza lamuloli ndi khoma lolekanitsa mpingo ndi boma.

Ngakhale zinali choncho, sukulu zambiri zinapitiriza kuyamba tsiku ndi pemphero mpaka mu 1962, pamene bwalo lalikulu la milandu linagamula mlandu wa Engel v. Vitale. Akuluakulu a zamaphunziro m'chigawo cha New York anali atalemba pemphero lalifupi loti ana azinena m'mawa. Oweruza 6 mwa 7 anati kulemba mapemphero si ntchito ya boma, ngakhale mwana ataloledwa kukhala chete kapena kutuluka m'kalasi. Mu 1963 bwaloli linathetsanso lamulo la ku Pennsylvania loti mavesi 10 a Baibulo aziwerengedwa tsiku lililonse.

Zigamulo zina zinatsatira. Mu 1992 bwaloli linakana zoti sukulu iziitana mtsogoleri wachipembedzo kudzapempherera mwambo wa omaliza maphunziro, ndipo mu 2000 linaletsa sukulu ina ku Texas kuulutsa pemphero la wophunzira pa chimkuzamawu masewero a mpira asanayambe.

Komabe zigamulozi sizinaletse mwana kupemphera payekha kapena kuwerenga buku lopatulika pa nthawi yake yopuma. Lamulo la 1984 limalolanso magulu achipembedzo a ophunzira kukumana pa sukulu za sekondale monga magulu ena onse.

Zinthu zinasintha mu 2022, pamene oweruza 6 mwa 9 anaikira kumbuyo Joseph Kennedy, mphunzitsi wa timu ya mpira ku Bremerton m'chigawo cha Washington, yemwe ankagwada pakati pa bwalo masewero akatha. Iwo anati pempherolo linali lake, osati la sukulu. Oweruza atatu otsutsa anati osewera akhoza kulowa nawo m'pempherolo poopa kukhumudwitsa mphunzitsi amene amasankha osewera.

Chigamulo cha 1962 chikugwirabe ntchito mpaka pano.