Anasenza M-Pesa ndi eni timashopu, koma anakumbukiridwa pomaliza

Loweruka lapitali ndinagula tomato ndi bonya pamsika, ndipo m'thumba munalibe ndalama zogwirika. Nditapempha kulipira pafoni, mayi ogulitsawo anavomera koma anati: "Mutumize ndi yochotsera yomwe, achimwene." Sindinawadandaule. Phindu la pamulu wa tomato ndi lochepa, ndipo akati akachotse ndalamayo kwa ejenti, gawo lina limatsala komweko. Mawu awowa anandibweza ku mbiri ya M-Pesa ya ku Kenya, imene ndakhala ndikuwerenga temu ino, chifukwa kumeneko n'kumene ndalama za pafoni zinayamba kutchuka.

Ambiri amaisimba ngati nkhani ya akatswiri amene anaganiza bwino. Zoona zake n'zakuti chimene anakonza poyamba si chimene anthu anachilandira. Nick Hughes wa kampani ya Vodafone anapeza thandizo la ndalama ku DFID, nthambi ya boma la Britain, ndipo mu 2005 iye ndi Susie Lonie anayamba kuyesa njirayi ku Thika mogwirizana ndi Safaricom ndi bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu Kenya. Cholinga chinali chakuti ochita mabizinesi ang'onoang'ono azibweza ngongole zawo pafoni, osayenda mtunda.

Anthuwo anachita zawozawo. Ena ankalipirana katundu. Ena ankaika ndalama za tsikulo mufoni madzulo kuti zisagone m'nyumba, popeza mabanki amakhala atatseka. Ena ankaika ndalama asanakwere basi n'kukazichotsa atafika, kuopa akuba panjira. Amalondawo ndiwo anaonetsa kampani ntchito yeniyeni ya chinthu chake. Koma pamene M-Pesa inakhazikitsidwa mu Marichi 2007, uthenga wotsatsa unalunjika kwa munthu wogwira ntchito m'tauni wofuna kutumiza ndalama kwa makolo kumudzi. Msika waukulu unali pamenepo, ndipo pasanathe chaka olembetsa anadutsa miliyoni imodzi.

Apa m'pamene ndimaona kuti mbiri imawamana ulemu eni timashopu. Foni payokha siisandutsa uthenga kukhala ndalama ya m'manja. Pamafunika munthu wokhala ndi ndalama m'kabati, woti agogo akafika ndi foni yawo awawerengere. Anthu amenewo anali ogulitsa mayunitsi ndi eni magolosale. Ankaika mpamba wawo kuti akhale ndi fuloti, ankakwera matatu kupita kubanki ndalama zikawathera, ndipo achifwamba akabwera ankakumana nawo ndi iwowo. Ankaphunzitsanso makasitomala kudina manambala, mmodzimmodzi. Munthu wakumudzi sanakhulupirire kampani ya ku Nairobi. Anakhulupirira mwini shopu amene amamudziwa ndi kwawo komwe. Mabanki ataona zimenezi anadandaula kuboma, ndipo mu Disembala 2008 John Michuki, amene ankagwirizira unduna wa zachuma, analamula kuti M-Pesa ifufuzidwe. Kafukufukuyo sanaipeze ndi vuto.

Tsono taonani zaka. Lipa na M-Pesa, njira yolipirira katundu pa nambala ya shopu, inabwera mu 2013, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Pochi la Biashara, yothandiza wogulitsa masamba kapena woyendetsa kabaza wa njinga yamoto kusiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, inadzafika mu 2020. Kwa zaka 13, mayi wa pamsika ankalandira malipiro pa nambala yomwe ija yolandirirapo thandizo la maliro ndi fizi ya mwana. Aliyense amene anagulitsapo mandazi akudziwa mmene mpamba umathera ukasakanikirana ndi ndalama ya ndiwo.

Sindikunena kuti amalonda sanapindule. Mu 2016 Tavneet Suri ndi William Jack anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science wonena kuti M-Pesa inatulutsa mabanja pafupifupi 194,000 mu umphawi, ndipo amayi pafupifupi 185,000 anachoka paulimi n'kuyamba bizinesi. Akatswiri ena, monga Milford Bateman ndi anzake, anatsutsa ziwerengerozi. Funso lawo limandigwira mtima: amayi ambiri akatsegula timashopu m'mudzi umodzi momwe ogula sanachuluke, angati amapitirira, ndipo angati amagwetsa anzawo amene analipo kale? Ine ndaona mabenchi asanu a tomato atandandalikana pamsewu umodzi, ndiye funsoli sindilitenga ngati la m'kalasi chabe.

Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo tinatengera dongosolo lomwelo la maejenti okhala m'tizikiyosiki ndi pansi pa maambulera. Mu 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zodutsa pafoni, koma linabweza ganizolo anthu atakana. Ku Kenya nako nkhani ya msonkho inafika pabenchi la wogulitsa. Chakumapeto kwa 2023, bungwe lotolera misonkho la KRA litatumiza antchito ake m'misika ndi m'mashopu, nyuzipepala za kumeneko zinalemba za amalonda amene anachotsa zikwangwani za nambala zawo zolipirira n'kuyambanso kufuna ndalama zogwirika. Foni imasunga mbiri ya malonda onse, ndipo iwo anazindikira kuti wina akhoza kuiwerenga.

Mayi a tomato aja ndinawatumizira ndi yochotsera yomwe. Anadikira uthenga ulowe, anauwerenga kawiri, kenako anandiikira tomato mmodzi wa basera.