MUNGO MURRAY CHISUSE: MMISIRI AMENE ANATISUNGIRA NKHOPE YA CHILEMBWE

Anzanga amene tinamwera chitsime chimodzi, tonse tikukumbukira phunziro la Mbusa John Chilembwe. Koma kodi alipo anatiuzako za munthu amene anamujambula?

Ku Scotland amanyadira George Jamesone wa ku Aberdeen, amene anamwalira mu 1644. Iyeyu ndiye anali mbadwa yoyamba ya dzikolo kutchuka pa luso lojambula nkhope za anthu ndi utoto. Chifukwa cha iye, Asikotishi akudziwa maonekedwe a akuluakulu awo a nthawi imeneyo. Nafenso tili naye wathu, ndipo nzeru zake anakazitenga ku Scotland komweko. Dzina lake ndi Mungo Murray Chisuse.

Chisuse anaphunzira pa mishoni ya Blantyre ya mpingo wa Church of Scotland. Mu 1885, akali mnyamata, anapita ku Edinburgh kukapitiriza sukulu. Anapitanso mu 1897 kukaphunzira ntchito yosindikiza mabuku, ndipo atabwerako anayang'anira nyumba yosindikizira ya mishoniyo. Analinso mmodzi wa madikoni asanu ndi awiri amene Mbusa David Clement Scott anawapatula, pamodzi ndi Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa.

Koma chimene timamukumbukira nacho ndi kamera. Masiku amenewo Azungu ambiri ankajambula munthu wakuda ngati chinthu chodabwitsa chokaonetsa kwao. Chisuse ayi. Ankajambula anthu monga momwe eni ake ankafunira kuoneka: ovala bwino, odekha, a ulemu wao. Ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu anajambula Chilembwe, mayi Ida ndi anthu a mpingo wa Providence Industrial Mission.

Mu January 1915 nkhondo ya Chilembwe inabuka. Boma la atsamunda linagumula tchalitchi chake cha njerwa, ndipo Kufa anaphedwa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 February akuthawira ku Mozambique, m'boma la Mulanje, limene nthawiyo linkafika kwathu kuno ku Phalombe. Anamuika mobisa. Tchalitchi chinagwa, manda anabisika, koma zithunzi zinatsala. Zina zinatuluka m'buku la Independent African la George Shepperson ndi Thomas Price mu 1958, ndipo dziko linaona kuti uja ankamunena chigawenga anali mbusa wa suti ndi mandala.

Tsono anzanga, nanga ife ku Chiwalo kuno? Zithunzi za agogo athu ndi za aphunzitsi athu oyamba zikudyedwa ndi chiswe m'masutikesi. Tiyeni tizitulutse, tifunse akuluakulu akali moyo, tilembe maina ndi zaka kuseri kwake. Chithunzi chopanda dzina n'chimodzimodzi manda opanda chizindikiro.